Dzuwa ndi laulere, nanga bili ya sola alipira ndani?

Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinauma cisanabereke, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo m'miyezi yotsatira malaiti anafika pozima maola 21 pa tsiku m'madera ambiri. Zigayo zinaima, a mabucha m'Chipata anataya nyama, owocherera zitsulo anasanduka alonda odikira malaiti pakati pa usiku. Yankho limene tinamva pa wailesi ndi m'misonkhano linali limodzi lokha: pitani ku sola.

Ife sitikana sola ai. Dziko limene magetsi ake ambiri acokera ku madzi silingapitirize kudalira mvula yokha, ndipo aliyense amene anaona pampu ya sola ikukoka madzi m'dimba mwezi wa Okutobala adziwa ubwino wake. Cimene tikana ndi mau otsekemera akuti mphamvu imeneyi ndi yochipa cifukwa dzuwa silitumiza bili. Yochipa kwa ndani?

Dzuwa ndi laulere, inde, koma panelo ndi yogula, inveta ndi yogula, ndipo batire ndiye mwini nkhani. Panelo yabwino ikhala zaka zoposa 20. Batire wamba ya asidi, ija imene ambiri a ife tikwanitsa, siipitirira zaka ziwiri kapena zitatu ngati igwira nchito usiku uliwonse, ndipo ya lithiamu yokhalitsa mtengo wake ndi wa anthu a malipiro. Ogulitsa akamawerengera mlimi ndalama zimene adzapulumutsa pa makandulo ndi mabatire a tochi, tsiku logula batire yaciwiri salichula.

Ndiye pali sola ya ngongole, yolipira pang'ono pang'ono pa foni. Njira imeneyi yaunikira nyumba zambiri kumidzi, tisabise. Koma kamakina kake kamadzitseka kokha ukaphonya kulipira, pamene mlimi amagwira ndalama kamodzi pa caka, akagulitsa cimanga, nsawa, soya kapena thonje. Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe ziri gwa, ana afuna za kusukulu, feteleza wa pamwamba ali kufunika: ndi pamene nyali imazima. Ukaphatikiza zonse zimene walipira pofika kumapeto, upeza kuti wosauka wagula katundu yemweyo modula kuposa wolemera amene analipira kamodzi.

Ku Chitandika, kuno kum'mawa, kampani ya ENGIE inatsegula mu 2019 kamalo kopangira magetsi a dzuwa a mudzi wonse. Ndi nchito yooneka ndi maso. Koma magetsi a tumalo totere amadula pa yuniti kuposa amene a m'tauni amagula ku ZESCO, cifukwa ndalama zomangira ndi zosinthira mabatire zimagawidwa pa mabanja ocepa. Motero wakumudzi, amene saononga mpweya ngakhale pang'ono poyerekeza ndi mafakitale a kunja, ndiye agula magetsi aukhondo pa mtengo wapamwamba. Malo akulu a sola a ku Chisamba, a mamegawati 100, anatsegulidwa mu Juni 2025 ndipo anadya madola pafupifupi 100 miliyoni. Wogula wamkulu wa magetsi ake ndi kampani ya migodi ya First Quantum. Akulu akulu anena kuti izi zimasula magetsi ena kuti apite kwa anthu wamba. Mwina ndi zoona, koma zitiphunzitsa kuti sola imayamba yapita kumene kuli wolipira m'madola.

Nanga ndalama zimene maiko olemera amalonjeza? Ku Copenhagen mu 2009 analonjeza madola 100 biliyoni caka ciliconse pofika 2020, zothandiza maiko osauka pa kusintha kwa nyengo. Bungwe lao lomwe la OECD linanena kuti ciwerengeroci cinakwanira mu 2022, mocedwa ndi zaka ziwiri, ndipo gawo lalikulu la ndalama za maboma linali ngongole. Ngongole, ku maiko onga lathu, limene mu Novembala 2020 linalephera kulipira ngongole zake zakale! Ku Baku mu 2024 analonjezanso 300 biliyoni pa caka pofika 2035. Ndipo m'misonkhano imeneyi simukhala nthumwi za maboma zokha. Ku Dubai mu 2023 gulu la Kick Big Polluters Out linawerenga anthu 2,456 otumidwa ndi makampani a mafuta, gasi ndi malasha. Ogulitsa sola ndi amalonda a kaboni nawonso amatumiza ao. Wotumidwa ndi mlimi wa ku Chiparamba kapena ku Vubwi sitidziwa kuti amakhala pampando uti.

Ndalama zimene zatiyandikira kwambiri ndi za kaboni, zolipira anthu cifukwa cosunga nkhalango. COMACO ndi BioCarbon Partners akhala akupereka ndalama zotere m'maufumu a m'cigawo cino, ndipo kuli mijigo ndi zipinda za sukulu zimene zinamangidwa nazo. Mu 2024 boma linasainirana ndi World Bank pangano la cigawo conse ca kum'mawa: madola ofika 30 miliyoni, posinthana ndi matani 3 miliyoni a mpweya woipa umene tidzaletse kukwera kumwamba pofika 2029.

Tiyeni titenge pensulo. Ndiye kuti tani imodzi ndi madola 10. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'cigawo cathu. Ngakhale ndalama zonsezo zitagawidwa mofanana, popanda boma, makampani ndi oyendetsa nchito kutengapo gawo lao, munthu mmodzi angalandire madola 12 cabe pa zaka zonsezo. Ndiponso sizibwera patsogolo. Zimabwera akatswiri akayeza ndi kutsimikiza kuti nkhalango zasungidwadi. Uyu wa njinga amene alowa m'tauni m'bandakuca ndi matumba a makala, tidzamuuza kuti asiye nchito yake cifukwa ca madola 12? Adzasiya pokhapokha atapeza cina codyetsa ana, ndiponso pamene amai a ku Kapata ndi ku Mchini adzakhala ndi cina cophikira. Kasola ka nyali zitatu ndi foni sikaphika nsima.

Kwa anansi athu a ku Zimbabwe, nchito yaikulu ya kaboni ya Kariba inasiyidwa ndi kampani ya ku Switzerland, South Pole, mu Okutobala 2023, pambuyo pa malipoti akuti kaboni wogulitsidwa anaculukitsidwa ndiponso mafunso a kumene ndalama zinapita. 

Kuchalichi kwathu msungacuma amaimirira ndi kuwerenga za copereka, zolowa ndi zotuluka, ngakhale zikhale makwaca ocepa. Za kaboni nazo ziwerengedwe motero pa bwalo, pamaso pa mafumu, a nyakwawa ndi anthu onse: matani angati anagulitsidwa, kwa yani, pa mtengo wanji, kampani inatenga zingati, komiti ya nkhalango inalandira zingati. Pangano limasuliridwe m'Cinyanja munthu asanadinde cala, ndipo zaka zake zichulidwe momveka, cifukwa mapangano ena a nkhalango amamanga malo zaka 30.

Ndipo inu a kopaletivu kapena a komiti ya parishi amene muganiza zogula pampu kapena mapanelo caka cino, wogulitsa akulembereni pa pepala mtengo wonse mpaka ngongole itathe, mtengo wa batire yatsopano, zaka za galanti, ndi kumene kuli wokonza wapafupi ngati inveta yapsa mvula ya mphezi.