KANYAMULIDWE KABWINO KATETEZA MSANA

Cigubu ca madzi ca malita 20 cimalemera makilo 20. Thumba la unga ndi makilo 25, pamene la simenti kapena feteleza ndi makilo 50. Katundu wotere amanyamulidwa tsiku ndi tsiku m'makomboni, motero si cacilendo kuona amai otunga madzi, anyamata a mawilibala ndi omanga nyumba akudandaula msana ku cipatala.

Msana uli ndi timafupa tosanjikizana, ndipo pakati pa timafupato pali tinthu tofewa tokhala ngati nkhata. Munthu akawerama miyendo ili yowongoka, kulemera kwa katundu kumagwera pa mafupa asanu a m'ciuno. Minofu imakokeka. Nthawi zina kankhata kaja kamatuluka pang'ono ndi kufinya mtsempha, ndipo ululu umatsikira m'mwendo mpaka kuphazi.

Wofuna kunyamula thumba ayambe waliyesa ndi dzanja kuti adziwe kulemera kwace. Aime pafupi nalo, atangadze miyendo pang'ono, apinde maondo ngati akunjuta, msana uli wowongoka. Aligwire molimba, alikumbatire pafupi ndi mimba, ndipo aimirire pang'onopang'ono ndi mphamvu ya nchafu. Coipitsitsa ndico kupotoza ciuno katundu ali m'manja. Pofuna kutembenuka, mapazi ndiwo ayenera kusuntha. Potula acite cimodzimodzi, pakuti ambiri amapwetekeka potula atatopa kale.

Thumba la makilo 50 liyenera anthu awiri. Amuna ena amacita manyazi kupempha thandizo, koma manyaziwo akhoza kuwagoneka pa mphasa milungu ingapo ana ali ndi njala. Mai wosenza madzi apeze mnzace womtwika ndi kumtula.

Pofuna kulimbitsa msana, munthu agone cagada pa mphasa, apinde maondo, akweze matako ndi kuwerenga mpaka 5, kenaka atsitse. Abwereze kakhumi m'mawa ndi madzulo. Kukokera bondo limodzi ku cifuwa, kenaka linzace, kumamasula minofu yolimba. Ululu ukakula aleke.

Kuwawa kwa msana kawirikawiri kumatha pa milungu yocepa, ndipo kuyendayenda kumathandiza koposa kugona tsiku lonse. Koma ngati mwendo wafooka, pakati pa miyendo pacita dzanzi, kapena mkodzo ndi cimbudzi zikukanika kapena kutuluka zokha, wodwala apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Msana wowawa pamodzi ndi kuonda ndi thukuta la usiku uyenera kupimidwa, cifukwa TB imagwiranso mafupa a msana.