Zirombo za Usiku ndi Moto wa Kumwamba

M'maiko akutali muli anthu amene amasunga ndalama pang'onopang'ono kuti pa Loŵeruka ndi Lamulungu akafunefune zinthu zimene palibe munthu anazigwirapo ndi manja. Ena amapita ku nyanja ya Loch Ness ku Scotland kukadikira chirombo chomwe amati chimakhala pansi pa madzi. Ena amapita ku Roswell, ku America, kumene m'chaka cha 1947 kunamveka mbiri yoti kwagwa chombo chochokera kunja kwa dziko lapansi. Munthu wa ku Area 23 mu mzinda wa Lilongwe angaseke pakumva zimenezi, komatu nkhani zonga zomwezi ndizo zimakambidwa pamsika kukacha, wina akamva kulira kwachilendo usiku kapena akaona moto ukuyenda kumwamba. Kwa alendo aja zimenezi ndi maseŵera chabe, koma m'Malaŵi mantha otere asamutsapo midzi ndi kuchititsa nkhalamba zosalakwa kunamiziridwa ufiti.

Chitsanzo chodziŵika bwino ndi chirombo cha ku Dowa, kumpoto kwa Lilongwe. Mu Ogasiti 2002 nyama ina inapha anthu 5 ndi kuvulaza ena oposa 20. Alonda a nyama zakuthengo pamodzi ndi apolisi anaiwombera, ndipo akuluakulu a Boma ananena kuti anali fisi wodwala chiŵeŵe. Anthu ambiri sanavomereze, poti ankati miyendo yake yakumbuyo inali yaikulu kuposa ya fisi. Mu Malichi 2003 vuto lija linabweranso: anthu 3 anafa, 16 anavulala koopsa, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anathaŵa m'midzi mwawo kukabisala paboma, kusiya minda nthaŵi yomwe chimanga chinali kukhwima. Ena ankati mzimu wa chirombo choyamba chija wabwera kudzalipsira.

Tsono chiŵeŵe ndi matenda ogwira ubongo. Fisi wabwinobwino amaopa munthu, koma akadwala matendaŵa mantha onse amatha, ndipo amaluma chirichonse chimene wakumana nacho. Afisi alipo ngakhale mu mzinda wa Lilongwe, makamaka m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndipo usiku amayendayenda kufuna zakudya m'malo otayako zinyalala. Choncho munthu wolumidwa ndi fisi kapena galu wokayikitsa asataye nthaŵi ndi kufufuza mfiti. Atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti chiŵeŵe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika.

Zooneka kumwamba nazonso kaŵirikaŵiri zimakhala ndi chiyambi chodziŵika. Pa 22 Januwale 1981 mwala wolemera makilogalamu 93 unagwa kuchokera m'mlengalenga m'boma la Machinga. Miyala yotere imayendayenda kunja kwa dziko lapansi, ndipo ikaloŵa mu mpweya wa dziko lino ndi liŵiro lalikulu imatentha ndi kuŵala ngati muuni. Yambiri imapsa ndi kutha isanafike pansi, ndipo imeneyo ndiyo anthu amati nyenyezi yathothoka.

Nkhani ina yotchuka inachitika ku Ruwa, pafupi ndi Harare ku Zimbabwe. Pa 16 Seputembala 1994 ana 62 a pasukulu ya Ariel ananena kuti anaona chombo chachilendo chitatera pafupi ndi bwalo lawo. Mpaka lero anthu amatsutsana pa zimene anawo anaona. Chodziŵika nchakuti masiku aŵiri izi zisanachitike, anthu ambiri kummwera kwa Afirika anaona moto waukulu ukudutsa kumwamba, ndipo motowo unali zotsalira za roketi ya ku Russia zimene zinkapsa pobwerera ku dziko lapansi.

Wofuna kuona zodabwitsa za kumwamba sayenera kulipira basi. Pa Loŵeruka madzulo, makamaka m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti pamene kulibe mitambo ya mvula, angoima pabwalo lopanda nyali za magetsi pamodzi ndi ana ake. Chinthu choŵala kwambiri chooneka chakumadzulo dzuŵa litangoloŵa, kapena chakum'maŵa m'bandakucha, nthaŵi zambiri ndi Venus, imene makolo akaiona m'maŵa ankaitcha Nthanda. Kuŵala kothwanima kofiira ndi kobiriŵira ndi ndege, monga zopita ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Kadontho koyenda mwakachetechete osathwanima ndi setilaiti. Yoŵala koposa mwa izo ndi International Space Station, imene iri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo imazungulira dziko lonse m'mphindi pafupifupi 90. Nyali zambiri zondondozana ngati mikanda ndi masetilaiti a Starlink ongoponyedwa kumene.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Woona chachilendo usiku akumbukire nthaŵi yake, mbali yomwe chinachokera ndi mmene chinkayendera, ndipo ngati ndi nyama auze mfumu, apolisi kapena a nthambi yoona za nyama zakuthengo asanaloze chala mnansi wake.