Ntchito za Manja m'Nyengo ya Chilimwe

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya atapita kumsika, makasu nawo atapachikidwa kudikira mvula yoyamba, pamakhala miyezi inayi kapena isanu imene mlendo angaiyese nyengo ya bawo ndi masese. Koma makolo athu, amene analibe sitolo yothamangirako mphika ukasweka kapena denga likadontha, ankadziwa kuti chilimwe ndiyo nyengo yomangira mudzi, pakuti zimene manja alephera kuchita dzuwa likuswa mtengo sangazichite mvula ili pamsana. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ntchito imayambira panyumba. Mwamuna wanzeru amamweta udzu wake usanapse ndi moto wolusa, naumanga m'mitolo, nauimika pamalo okwera kuti chiswe chisaulawe. Kenaka amakwera padenga kukaona mapaso amene afumbwa, nachotsa ovunda, namanga atsopano ndi luzi lonyika m'madzi, ndipo tsiku lofolera likafika amaitana abale ndi anansi, popeza mutu umodzi susenza denga. Amayi nawo amapita kudambo kukakumba mtsiro, nazira pansi ndi pakhonde, nakulungiza ndi mwala wosalala kufikira pansi patawala, kotero kuti mlendo wofika pakhomopo amazindikira khalidwe la eni ake asanapatsidwe n'komwe madzi akumwa. Zonsezi sizilira ndalama. Zimalira thukuta ndi kusunga nthawi.

Tsono manja omwewo amene akonza nyumba ndiwo amabweretsanso ndalama ya mchere, ya sopo ndi ya sukulu. Taonani mkulu wosoka mphasa: amalawirira kumtsinje kukadula bango lokhwima, naliyanika, naling'amba ndi mpeni, naliphwanya kuti ligone, ndipo akakhala pamthunzi, singano yaitali yachitsulo ili m'dzanja, chingwe cha khonje atachipota pantchafu, amabaya bango limodzilimodzi mofatsa, osalumpha, osapotoza mzere, podziwa kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Kunyanja, ku Mangochi ndi ku Salima, kumene mlaza uli wambiri, amaluka mikeka, zipewa ndi zikwama. Kumapiri, kumene nsungwi zimamera, kumachokera malichero, madengu ndi mipando imene lero anthu a m'mizinda amaikhalira monyadira m'zipinda zawo zochezera.

Luso la dongo, limene kuyambira kale lili m'manja mwa amayi, ena ankati lidzafa pamene ziwiya zachitsulo ndi zapulasitiki zinadzaza m'misika, koma silinafe, pakuti madzi a mumtsuko amazizira mwa mtundu wake, ndipo nyemba zophikidwa mumphika wadothi zili ndi kukoma kumene sefuliya siikudziwa. Komanso dongo lapeza ntchito yatsopano m'chitetezo mbaula, chophikira chadothi chimene chimadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Boma la Malawi linadziikira cholinga choti mbaula zosunga nkhuni zikwane 2 miliyoni pofika chaka cha 2020, ndipo magulu ambiri a amayi akumidzi anaphunzira kuziumba, kuziotcha ndi kuzigulitsa.

Amene akukayika kuti ntchito ya manja ingalemekeze munthu apite ku Mua, m'boma la Dedza, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1902, ndi kumene Bambo Claude Boucher wa ku Canada, amene anthu anamutcha Chisale, anayambitsa malo a zaluso a Kungoni m'chaka cha 1976. Kumeneko ana a alimi wamba anaphunzira kugwira sompho ndi tchizulo, ndipo zosema zawo zinakalowa m'matchalitchi ndi m'nyumba za kutsidya la nyanja, kumene ambiri mwa osemawo sanapondeko phazi.

Komabe pali nthenda imodzi imene imadya amisiri athu, ndiyo kusawerengera masiku awo. Munthu amene watha sabata yathunthu pa mphasa imodzi, akaimika njinga yake pamsika wa Lizulu kapena m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay, nakumana ndi wogula wa pakamwa pothwa amene akuti, "Bambo, tsitsaniko, bango mumangodula ulere kudambo," kawirikawiri amagonja dzuwa likapendeka, poopa kubwerera kumudzi ndi katundu, naiwala kuti chimene akugulitsa ndi msana wake, maso ake ndi nzeru zimene anazilandira kwa atate ake. Mankhwala a nthendayi ndi akale: amisiri a mudzi umodzi agwirizane mtengo asanapite kumsika, atumize katundu wawo pamodzi kuti ndalama ya ulendo ichepe, ndipo asungeko kangachepe kubanki nkhonde, kuti njala ya mwezi wa Febuluwale isawakakamize kutaya ntchito yawo pamtengo wachipongwe.

Chinanso choyenera kunenedwa mosabisa n'chakuti luso lonseli likutsamira pa chilengedwe, ndipo chilengedwecho chatopa. Phingo ndi mlombwa, mitengo imene osema amaikonda, ikusowa m'nkhalango zambiri. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene unatchedwa mtengo wa fuko m'chaka cha 1984, ndi umene mabokosi ake onunkhira ankagulidwa ndi alendo, watsala pang'ono kutheratu. Madambo amene ankabala bango akulimidwa kufikira m'mphepete mwa madzi, ndipo uvuni uliwonse wa njerwa umameza mitengo imene inakula zaka zambiri. Mmisiri amene amadula osabzala akudya mbewu yake.

Choncho inu eni mudzi, mafumu ndi akuluakulu, patulani malo a nsungwi kuseri kwa nyumba, tetezani dambo ku moto ndi ku khasu, ndipo mwana akaweruka kusukulu mukhazikeni pafupi ndi agogo ake kuti aone mmene lichero limayambidwira, popeza mmera m'poyamba. Ndipo inu a m'tauni, mukaima pamsewu kuti mugule mkeka kapena mtsuko, kumbukirani masiku amene apita pa chinthucho, ndipo lipirani mtengo woyenera.