Zinthu 7 zodabwitsa za momwe zilombo zoopsa zimabadwira, pabwalo la Gule ndi m'magemu

Anyamata ambiri a pa Namitete ndi pa Nsaru amene amasewera magemu oopsa pafoni amayesa kuti luso lolenga chilombo choimitsa tsitsi ndi la ku Japan ndi ku America kokha. Komatu midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa M'bwatalika idalidziwa kalekale kudzera mu Gule Wamkulu. Za kudambwe tizisiye kudambwe komweko. Pano tikambe zimene aliyense amaona pabwalo.

1. Choopsa kwambiri ndi nkhope yosaoneka. Masahiro Ito, polenga Pyramid Head wa mu gemu ya Silent Hill 2 imene kampani ya Konami idatulutsa mu 2001, adavundikira mutu wonse ndi chisoti chosongoka. Maso palibe, pakamwa palibe. Kang'wing'wi nayenso amatulukira thupi lili mbuu ndi matope, kumutu nthenga zokhazokha. Sudziwa ngati wakuona kapena ayi, ndipo miyendo imayamba yokha kuthawa.

2. Chilombo sichibwera chopanda mlandu. Pyramid Head ndi chikumbumtima cha James Sunderland, mwamuna amene adapha mkazi wake wodwala. Ku Gule nako, chilombo chilichonse chimadza ndi mwambo wake. Chadzunda amalowa m'bwalo akutsimphina, nkhope yakuda yamakwinya, mano aperewera. Ng'oma zikakolera, nkhalamba ija imadzuka n'kuvina mwamphamvu, kukumbutsa mudzi kuti akulu sapeputsidwa.

3. Mlendo amasanduka gule. Amishoni atakhazikika m'chigawo chapakati, m'malo ngati Likuni ndi Nambuma, adalimbana kwambiri ndi Nyau, makamaka m'zaka za m'ma 1920. Eni mizinda adayankha ndi luso. Padatuluka Maliya ndi Simoni, maina ochokera m'Baibulo. Simoni amabwera ndi nkhope yofiira psuu ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, atavala jekete. Pambuyo pake ngakhale galimoto ndi ndege zidapeza malo pabwalo. Chimene chadzidzimutsa mudzi, Gule amachitola n'kuchivinitsa kuti anthu achiseke ndi kuchimvetsa.

4. Zipangizo zake n'zimene timaponda tsiku ndi tsiku. Yang'anitsitsani Kasiyamaliro akamazungulira: makoko a chimanga olukidwa mwaluso, msana wopindika, nyanga kutsogolo, mchira kumbuyo. Zilombo zina ndi nthenga za nkhuku, khonje, zikopa ndi nsanza. Chodabwitsa n'chakuti zilombo zazikulu zolukidwazi mwamwambo zimatenthedwa ntchito yake ikatha. Maonekedwe ake amakhala m'mitu ya anthu, ndipo mwambo wina ukafika amaonekanso atsopano.

5. Khutu limayamba kuopa diso lisanaone. Amene adapanga The Last of Us, gemu ya Naughty Dog ya mu 2013, adatengera zilombo zawo ku mtundu wa nkhungu wotchedwa Cordyceps umene umalowa m'thupi la nyerere n'kuilamulira. Koma chimene osewera amachiopa kwambiri ndi kaphokoso ka zilombozo mumdima. Wokulira ku Mpingu akudziwa zimenezi. Kulira kwa gule kumamveka kutali iye asanaoneke, ana n'kubalalika. Pabwalo, woimba mbalule amatsata mapazi a chilombo, kotero kuti fumbi ndi ng'oma zimayankhulira limodzi.

6. Wamkulu saonekaoneka. M'magemu, chilombo chachikulu amachisungira kumapeto. Njovu, imene ndi yolemekezeka koposa pa zilombo zonse, situluka pa gule wamba. Imadikira zazikulu monga maliro a mfumu. Munthu atha kukula mpaka kukwatira asanaione, ndipo kusowa kwakeko n'kumene kumaipatsa ulemerero.

7. Zojambula zake zilipo kale, pamiyala. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula zakale, amene UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zina mwa zojambula zoyera kumeneko ndi zilombo za Nyau. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya Chamare kumeneko imasunga nkhope za Gule zoposa 400. Gule weniweniyo UNESCO idamuzindikira mu 2005.

Wachinyamata wa ku Kabudula wofuna kupanga gemu ali ndi pophunzirira pafupi. Koma asaiwale kuti kwa Achewa izi ndi mizimu ya makolo, osati zidole zoti aziwombera pakompyuta. Atengeko nzeru ya kubisa nkhope, ya kuyamba ndi phokoso, ya kusenzetsa chilombo mwambo, kenako alenge zakezake. Akafuna kugwiritsa ntchito Gule mwini, ayambe wakagwada kwa eni mzinda.