Dzino la Munthu Wamkuru Likacoka Silimeranso

Abale anga a m'migodi, ndiloleni ndikuuzeni za mano anga, cifukwa ndidziwa kuti m'makomboni muli anzathu ambiri amene amaseka atagwira pakamwa, monga ndinkacitira ine zaka zambiri.

Mano anga awiri a kutsogolo anacoka ndiri pa nchito pansi pa mgodi. Citsulo cinadumpha nicindimenya pakamwa. Dzino limodzi linaphwanyika, linzace linagwa lathunthu ndi muzu wace womwe. Ndinalitola, ndinaliyang'ana, ndipo ndinaliponya m'matope. Patapita zaka ziwiri dzino lina la m'mbali linayamba kupweteka. M'malo mopita ku cipatala ndinapita kwa munthu wina wa pa komboni amene ankazula mano ndi mbaniro za citsulo. Anasiya muzu m'kati, ndipo tsaya linatupa sabata yathunthu. Akuru anati safunsa anadya phula. Kuyambira pamenepo nyama ndinkaimeza yosatafuna bwino, cimanga cooca ndinkangociyang'ana, ndipo pa cithunzi cimene ndinatumiza kumudzi ndinatseka pakamwa ngati munthu wokwiya.

Nditaleka nchito ya mgodi ndinatsata mwana wanga amene agwira nchito ku Cape Town. Kumeneko ndinaona cinthu condidabwitsa. M'basi, m'sitolo ndi pa msika ndinakomana ndi anyamata ndi atsikana ambiri opanda mano anai a kutsogolo a m'mwamba. Tsiku lina ndinafunsa mnyamata amene tinakhala naye mpando umodzi kuti, "Acimwene, kodi inunso munali ku mgodi?" Iye anaseka kwambiri, nandiuza kuti mano ace anali abwinobwino, koma anapita yekha kukawazulitsa, cifukwa anzace onse anatero.

Mwambo umenewu ndi wodziwika m'midzi ya Cape Flats, ndipo amaucha passion gap. Ena amanena kuti unayamba ndi asodzi amene ankafuna kuyimba mluzu wamphamvu pa nyanja, koma imeneyo ndi nkhani ya pakamwa cabe. M'caka ca 2007 ofufuza awiri a pa University of Cape Town, Jacqui Friedling ndi Alan Morris, anasindikiza zimene anapeza atafunsa anthu 2,167 a kumpoto kwa mzindawo. Pa anthu 100 ali onse, 41 anali atacotsa mano. Ambiri anati anacita izi potsata anzao kapena pofuna kuoneka bwino. Ena akazula amagula mano oikirira okometsedwa ndi golidi. Mtima wanga unawawa ndithu, pakuti cimene ine ndinalira naco zaka zonsezo, ana amenewa ankacigula ndi ndarama.

Koma mzinda womwewo ndi umene unandithandiza. Mai wina woyandikana nafe anandilondolera ku cipatala ca mano ca University of the Western Cape ku Mitchells Plain. Sukulu imeneyi iri ndi cipatala cina ca mano ku Tygerberg, ndipo m'caka ca 2004 inaphatikana ndi sukulu ya mano ya ku Stellenbosch. Amene amagwira odwala ndi ophunzira, koma pa nchito iri yonse mphunzitsi wao amabwera kudzaona. Munthu apite ndi mapepala ace, ndipo apite m'mamawa.

Adotolo atajambula nsagwada zanga anandionetsa cithunzi nati, "Bambo, mukadabwera kale." Anandifotokozera kuti munthu wamkuru ali ndi mano 32, ndipo liri lonse limatsamira pa linzace. Limodzi likacoka, oyandikana nalo amapendekera m'mpatamo, ndipo la moyang'anana nalo limayamba kutalika cifukwa lasowa pogunda. Fupa limene linkagwira muzu limafota pang'onopang'ono, makamaka m'caka coyamba. Ndi cifukwa cace munthu wopanda mano milomo yace imalowa m'kati, naoneka wokalamba msanga.

Nditawauza za dzino ndinaliponya m'matope lija anapukusa mutu. Mverani bwino apa, abale, pakuti ngozi yotere ingagwere ali yense. Dzino la munthu wamkuru likagwa lathunthu, likhoza kubwezedwa pamalo pace nkugwiranso. Muligwire ca kumutu, osakhudza muzu. Ngati lada mulitsuke pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera, osalipala. Mulibwezere m'dzenje lace ndi kuluma kansaru koyera. Mukalephera, muliike m'mkaka kapena m'malovu anu, lisaume, ndipo mufike kwa dotolo ola limodzi lisanathe. Ndikadadziwa zimenezi, kapena lero ndikadakhala nalo.

Njira zotsekera mpata ziripo zitatu. Yoyamba ndi mano oikirira a pulasitiki, amene munthu amavala ndi kuvula. Ndiyo yochipa, ndipo ndiyo ndinasankha ine. Yaciwiri amaicha mlatho. Dotolo amasema mano awiri a m'mbali mwa mpata, namatapo mano atsopano olumikizana, ndipo savulidwa. Yacitatu ndi kuika kacitsulo ka titanium m'fupa kuti kakhale ngati muzu. Njira imeneyi anaiyamba Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden, amene anaika zitsulo zotere mwa munthu woyamba m'caka ca 1965. Fupa limakagwira kacitsuloko pakapita miyezi ingapo, ndipo pamenepo amamangapo dzino. Ndi yolimba kopambana, koma ndarama zace nzambiri, ndiponso imafuna fupa lokwanira. Wosuta fodya ndi wodwala matenda a shuga osasamalidwa sapola msanga.

Mano oikirira sapangidwa tsiku limodzi ai. Poyamba anacotsa muzu unatsalira uja, namata mano awiri amene anayamba kubooka, ndipo ndinadikira kuti nkhama zipole. Tsono anandilumitsa cinthu cofewa ngati phala lolimba kuti atenge maonekedwe a m'kamwa mwanga. Ulendo wina anayesa m'mene nsagwada zimakomanirana, nasankha mtundu wa mano wofanana ndi anga. Ulendo wacitatu anandiyesa mano omatidwa pa phula, nandipatsa galasi kuti ndinene ngati ndakhutira. Ulendo wacinai ndi pamene ndinatenga mano eni eni.

Sabata zoyamba zinali zobvuta. Malovu anacuruka, lilime linkasowa pokhala, ndipo mau ena ankaturuka ndi mluzu, adzukuru anga nkumaseka. Pamene pankatupa ndinabwerera, ndipo anapalapo pang'ono. Musayese kupala nokha ndi mpeni kapena tupa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mwezi utatha ndinazolowera. Lero ndimadya nyama ndikaidula tating'ono, ndipo ndimalankhula pa msonkhano wa maliro wopanda manyazi. Koma ndisakunamizeni, mano oikirira safanana ndi mano obadwa nao. Cimanga cooca ndimayamba ndacitongola ndi zala, ndipo mzimbe ndinauleka.

Kasamalidwe kace nkotere. Usiku ndimawavula kuti nkhama zipume, ndi kuwaika m'kapu ya madzi ozizira. Madzi otentha amawapinda. Ndimawatsuka ndi mswaci wofewa ndi sopo, pamwamba pa beseni la madzi, kuti akapulumuka asasweke. Popeza fupa limankabe lifota, pakapita zaka amayamba kugwedera, ndipo afunika kukonzedwa kapena kupanganso ena. Cironda ca m'kamwa cimene sicipola sabata ziwiri cionedwe ndi dotolo msanga, makamaka kwa osuta fodya ndi akumwa mowa.

Cimene adotolo anandiumiriza koposa ndi kusunga mano amene anatsala, pakuti oikirirawo amakolowekedwa pa iwo. Tsukani mano kawiri pa tsiku, m'mawa ndi pogona, mphindi ziwiri, ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Mukatha lavulani cabe, osacukuca ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Mdani wamkuru ndi shuga. Tizirombo ta m'kamwa timadya shuga nkuturutsa asidi amene amaboola dzino. Ife a kumgodi tidziwa tiyi wa masupuni anai, zakumwa za m'botolo ndi maswiti a m'thumba. Coononga kwambiri ndi kumangonyambita zotsekemera tsiku lonse. Nkhama zikamaturuka magazi musaleke kutsuka, koma pitani akakupaleni zokakamira za m'mbali mwa mano, cifukwa nthenda ya nkhama imagwedeza ngakhale dzino losabooka.

Inu amene mukali pa nchito muli ndi cipatala pafupi ndi malipiro a pa mwezi. Dzino likayamba kumva madzi ozizira pitani nthawi yomweyo, akalimate lisanafike pozulidwa. Amene muli ndi mipata kale musadikire kubwerera kumudzi, kumene dotolo wa mano ali kutali. Ndipo mukabvulala pakamwa pa nchito, onetsetsani kuti ngoziyo yalembedwa tsiku lomwelo.

Mnyamata wa m'basi uja sindinamuonenso. Koma mdzukuru wanga, amene akukulira pakati pa ana a ku Cape Flats, ndinamuitana usiku wina ndi kumuonetsa kapu ya madzi iri pa mutu pa bedi langa. Ndinamuuza kuti ayang'anitsitse, ndipo akadzamva anzace akumunyengerera kukazula mano, adzakumbukire agogo ace akutongola cimanga ndi zala.

Tsalani bwino, abale anga, ndipo mugwire nchito mosamala.