Kodi mumadziwa?

Dzina la kompyuta lopitirira zilembo 64 linali lokwanira kuzimitsa rauta ya Wi-Fi, ngakhale kuilanda kumene. Akatswiri a kampani ya SEC Consult ndi amene anatulukira zimenezi mu 2015.

Vuto linali mu NetUSB, driver yopangidwa ndi kampani ya KCodes ya ku Taiwan. Ntchito yake ndi kuthandiza makompyuta onse a pa netiweki kugwiritsa ntchito printa kapena hard drive yolumikizidwa ku rauta. Inkapezeka m'marauta a Netgear, TP-Link, D-Link ndi makampani ena.

Kompyuta ikamalumikizana nayo, imayamba yatchula dzina lake. Driver imeneyi inkasungira dzinalo malo ochepa mu memory, koma sinkayeza kutalika kwake. Zilembo zotsala zinkasefukira m'malo oyandikana nawo n'kufufuta malangizo ofunika. Popeza driver imagwira ntchito mu kernel, pamene pali mphamvu zonse za makinawo, wakuba wosanja bwino zilembozo akanatha kulamulira rauta yonse.

Zolakwika zotere n'zofala m'mapulogalamu olembedwa mu C, chinenero chomwe sichiletsa kulemba kunja kwa malire. N'chifukwa chake Linux 6.1, ya mu Disembala 2022, inayamba kulandira Rust, chinenero chomwe chimatchinga zambiri mwa zolakwikazi.

Inu amene muli ndi rauta, ikani firmware yatsopano ikangotuluka. Ngati opanga anasiya kuikonza, sinthani rautayo.