Kodi wokulangizani za matenda a kumtundu ali ndi laisensi?

Mwana akapezeka ndi matenda a sickle cell, kawirikawiri mkangano umabuka panyumba. Acibale a mwamuna amaloza cala mkazi, ena amathamangira kwa ng'anga. Koma mwana amatengera matendawa kwa makolo onse awiri. Ngati atate ndi amai onse ali ndi mbeu yake m'magazi, ngakhale iwo sadwala, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inai wakuti mwana adzabadwa nao. Musaganize kuti woyamba akadwala ndiye kuti atatu otsatira apulumuka, ai. Mimba iliyonse ili payokha.

Kufotokozera banja zinthu zotere ndi nchito yofuna maphunziro, cifukwa liu limodzi lolakwika lingathe kupasula ukwati. Ku America kuli anthu amene nchito yao ndi yomweyi, kulangiza za matenda otengera kwa makolo. Maphunziro ao anayamba mu 1969 pa Sarah Lawrence College ku New York, koma kwa zaka zoposa 30 panalibe lamulo loletsa munthu wamba kudzicha mlangizi wotere.

Dziko limenelo lili ndi zigawo 50, ndipo ciliconse cimapanga malamulo ake a anchito a zaumoyo. California inapanga lamulo mu 2000, koma Utah ndiyo inayamba kupereka malaisensi mu 2002. Tsopano zigawo zoposa 30 zimapereka. Wofuna laisensi ayenera kukhala ndi digiri ya masters, kuphasa mayeso a bungwe la American Board of Genetic Counseling, ndi kupitiriza kuphunzira kuti laisensi isathe mphamvu. Akaulula cinsinsi ca banja kapena kusokeretsa anthu, boma la cigawo lingamulande laisensiyo. Kwa ine apa ndiye pali phindu leni-leni: wolakwiridwa ali ndi kokadandaula.

Mlangizi wophunzira salamula kuti musakwatirane kapena musabalenso. Amakuuzani zimene magazi aonetsa, ndipo cosankha cimatsala ndi inu eni ake.

Ku South Africa alangizi otere amalembetsa ku bungwe la boma. Kuno kwathu madokotala ndi ife makiliniko ofisala timalembetsa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo cilolezo cogwirira nchito timatenga caka ndi caka. Simulakwa kufunsa wokulangizani kuti akuonetseni pepala lake. Mufunsenso kuti magazi anapimidwa motani. Kupima kwa sickling test sikusiyanitsa wonyamula mbeu cabe ndi wodwala. Kosiyanitsa ndi kumene kumachedwa haemoglobin electrophoresis.